Kuntchito, kunyumba, kugona: chochita moyo ukasiya kukoma mu Lilongwe

Funso ili landipeza kambirimbiri, ndipo olifunsa ndi anthu osiyana: mnyamata woti wangoyamba kumene ntchito ku Kanengo, mayi amene awasamutsa kuchoka ku Zomba kudzagwira ku Capital Hill, bambo amene ana awo onse akula n'kuchoka pakhomo. Mawu amasiyana koma dandaulo ndi limodzi: "Ndimadzuka, kupita kuntchito, kubwera, kugona. Sindikudwala, ndi njala sindigona, koma moyo sukukoma. Ndipange bwanji?" Ndayankhapo pa foni, ndayankhapo tikuchokera kumapemphero, ndayankhapo titaima pamzere wa mafuta. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi, wina akadzafunsa ndizingomupatsa awerenge.

Choyamba dziwani kuti vuto si la inu nokha, mzindawu uli ndi mbali yake. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo ambirife tinachita kubwera. Kwathu ndi ku Ntcheu, ku Mzimba, ku Thyolo, kuno tinatsata ntchito kapena banja. Mzindawunso unamangidwa momwazikana. Munthu wa ku Area 25 akafuna kukaona mnzake ku Area 23 ayenera kukwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina, ndipo pobwerera tsiku latha, m'thumba mwapepuka. Nyumba zambiri masiku ano zili m'mipanda ya njerwa, moti mutha kutha zaka ziwiri osadziwa dzina la munthu amene mumamumva akutsokomola kuseri kwa mpanda. N'chifukwa chake zonse ndalemba pansipa zatsamira pa mfundo imodzi: chimene mungayambe chikhale pafupi poti mutha kufikapo wapansi, chikhale ndi tsiku lake lodziwika, ndipo chikhale ndi anthu oti mukajomba afunse kuti lero muli kuti.

Sindikunena kuti ndalama n'zosafunika. Eninyumba akamagogoda, sukulu ikabweza mwana chifukwa cha fizi, palibe chosangalatsa chimene chingakhazike mtima pansi. Koma ndikudziwa anthu ambiri amene anaimika moyo wawo poyembekezera kuti "ndikadzatsiriza kumanga", "akadzandikweza pantchito", zaka n'kumapita. Zili pansizi mutha kuyamba sabata ino ndi zimene muli nazo kale.

1. Onani kaye kumene sabata yanu imathera

Tengani kope. Kwa masiku asanu ndi awiri, madzulo alionse musanagone, lembani zimene mwachita kuyambira podzuka ndi nthawi yake. Lembani zimene zachitikadi, osati zimene mukanakonda kuti zichitike, pakuti apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Mafoni ambiri amasonyeza okha maola amene mwathera pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ndiye yang'anani mulembe nambalayo mmene ilili.

Chimene mukusaka m'kopemo ndi mpata wa maola atatu okha pa sabata. Ambiri amawapeza pawiri: pakati pa kufika kunyumba ndi kugona, komanso Loweruka masana.

Alipo amene akalemba amapeza kuti mpata palibedi, ndipo kawirikawiri amakhala amayi: kuweruka kuntchito n'kufikira pa mbaula, Loweruka kuchapa, Lamulungu kusita ndi kukonzekeretsa ana. Ngati ndi mmene zilili kwanu, sitepe yanu yoyamba ndi kukhala pansi ndi a m'nyumba mwanu, kopelo lili patebulo, n'kugawana ntchito. Abambo amene mukuwerenga, ngati inu muli ndi Loweruka lanu la mpira pomwe akazi anu alibe ngakhale ola limodzi loti ndi lawo, yambirani pamenepo.

2. Khazikitsani zizolowezi ziwiri zokha

Ziwiri, osati khumi. Amene amalemba mndandanda wautali pa 1 Januwale, pofika Febuluwale kopelo amakhala ataliiwala.

Choyamba ndi kuyenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza theka la ola masiku asanu. Simufunika jimu. Tsikani minibasi masiteji awiri musanafike kwanu, kapena siyani kabaza pa ulendo wa kumsika. Muziyenda kukuwala, foni ili m'thumba, ndipo muzidutsa njira imodzimodzi nthawi imodzimodzi. Izi zili ndi phindu lina lobisika: pakatha milungu iwiri mayi wogulitsa tomato pakona, mlonda wa pageti ndi mkulu wowotcherera zitsulo ayamba kukupatsani moni. Kudziwika m'dera kumayambira pamenepo.

Chachiwiri ndi kugona bwino. Munthu wamkulu amafunika maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo. Ikani foni pa chaja kutali ndi bedi, poti kuti muitenge muchite kudzuka. Munthu wosagona mokwanira chilichonse chimamunyansa, ndipo amaganiza kuti moyo wake ndi umene waipa pomwe ndi thupi likulira tulo.

Chizolowezi chatsopano chimagwira mukachimangirira ku chinthu chimene mumachita kale. Musanene kuti "ndiziwerenga". Nenani kuti "ndikathira tiyi wa madzulo, nditsegula buku". Magetsi akazima musamangokhala mumdima kudikira, tulutsani mpando pakhonde. Aneba nawonso amakhala atuluka.

3. Sankhani chosangalatsa chimodzi chogwira ndi manja kapena thupi

Dzifunseni chimene munkakonda muli ndi zaka khumi ndi ziwiri, musanayambe kuganiza za mayeso ndi ndalama. Kuimba? Mpira? Kuumba, kujambula, kuweta nkhunda, kuluka? Kawirikawiri yankho limakhala pomwepo.

Ngati simukudziwa poyambira, yambani ndi ndiwo zamasamba, ngakhale muli pa lendi. Pezani matumba awiri kapena atatu a feteleza otha ntchito, muwaboole pansi kuti madzi azituluka. Thiranimo dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku owolerana bwino, chifukwa aawisi amawotcha mbewu. Fesani mpiru, repu kapena bonongwe, muike poti dzuwa limafikapo theka la tsiku, ndipo muzithirira ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo kuti bilu ya madzi isakwere. Tchingani ndi bango, apo ayi nkhuku za aneba zidzakolola inu musanalawe. Pakatha mwezi ndi theka mumayamba kuthyola. M'mawa mukatuluka n'kupeza timasamba tiwiri tatumphuka pomwe dzulo panali dothi lokha, mtima umachita china chake chimene malipiro a pamwezi sachita. Ndipo mukathyola, mpukutu woyamba mupatse eninyumba kapena aneba.

Zina zilipo zambiri. Bawo amaseweredwa pansi pa mtengo pafupifupi msika uliwonse, kuyambira ku Msungwi mpaka ku Chinsapo. Thabwa lake ndi la mabowo 32, ndipo akuluakulu ake sakana kuphunzitsa munthu amene waima mwaulemu kuonerera masiku angapo. Kwaya ili mumpingo uliwonse. Ntchemberembaye amasewera m'mabwalo a sukulu madzulo. Okonda kuwerenga, likulu la National Library Service lili ku City Centre, ndipo mabuku akale otchipa amapezeka m'misika ya ku Old Town.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri ndi zitatu. China ndi kuyamba ndi kugula: nsapato zodula zothamangira, gitala, makina osokera, zonse n'kukathera pansi pa bedi. Bwerekani kaye kapena gulani za pa kaunjika ku msika wa Tsoka, mudzagule zenizeni mukatha miyezi itatu musanasiye. China ndi kusandutsa chosangalatsacho geni tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti zinthu zadula ndipo aliyense akusaka kangachepe kapambali, koma mukangoyamba kuphika makeke a maoda, mwadzipezera bwana wachiwiri. Siyani chinthu chimodzi m'moyo mwanu chimene simuwerengera phindu. Chachitatu ndi kuyesa kubetcha mpira chosangalatsa. Kubetcha kumakusiyani nokha ndi foni usiku, mtima uli m'mwamba, ndipo ndaona mabanja akugwedezeka nako.

4. Pezani gulu lokumana tsiku lodziwika

Chosangalatsa cha panokha ndi chabwino koma sichikwanira. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard amene anayamba mu 1938, n'kutsata miyoyo ya anthu kwa zaka zoposa 80, anapeza kuti amene anali ndi maubale abwino ndi amene anakalamba ali athanzi ndi okondwa kuposa anzawo. Agogo athu anadziwa kale zimenezi, kungoti iwo sankachita kusaka anthu, ankawapeza pachitsime ndi pabwalo. Ife a m'tauni tiyenera kuchita kupita.

Kwa obwera kumene, nawa magulu amene mumve akutchulidwa. Mphakati ndi kagulu ka Akatolika okhala moyandikana, kamene kamakumana m'makomo mosinthana. A CCAP kagulu kotere amakatcha mlaga. Chigwirizano ndi bungwe la amayi a CCAP mu Sinodi ya Nkhoma, lofanana ndi Mvano wa ku Blantyre. A Seventh-day ali ndi Dorika, amayi achisilamu ali ndi magulu a Dawa. Sosholo ndi mpira wa anthu oti sasewera mu ligi, ambiri ogwira ntchito ndi a mabanja, amene amakumana Loweruka kapena Lamulungu pa bwalo la sukulu n'kusonkha kangachepe ka mpira ndi madzi. Banki mkhonde ndi gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama pa chiwongoladzanja, n'kudzagawana pakutha pa chaka. Chipereganyu ndi kusonkherana mosinthana, mwezi uno alandira uyu, wamawa wina.

Magulu awiri omalizawa ndi othandiza, koma musayambire kumeneko ngati anthu ake simukuwadziwa. Kumene kwalowa ndalama kumafuna kukhulupirirana kumene inu simunamange. Sosholo nayonso muisankhe: ina mpira umatha 10 koloko m'mawa, mowa n'kufika usiku.

Sankhani gulu limodzi, la m'dera lanu. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo gulu la pa WhatsApp la anzanu a ku sekondale musaliwerengere, chifukwa mukadwala silidzabwera ndi phala.

5. Pirirani nthawi yokhala mlendo

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo olangiza ambiri amangoti "lowani gulu" n'kudumphapo ngati n'zophweka.

Tsiku loyamba limakoma. Amakuimiritsani, mumatchula dzina ndi kumene mukukhala, amakuomberani m'manja, wina amakuperekezani mpaka pamsewu. Tsiku lachiwiri moni amachepa. Lachitatu ndi lachinayi palibenso amene akukusamalani mwapadera. Akukamba za anthu amene simuwadziwa, akuseka nkhani ya chaka chatha imene inu simunaione, pa sosholo mpira sakukupatsirani, pa kwaya mwaima kumapeto osadziwa nyimbo. Mukubwerera kunyumba mukumva kusungulumwa koposa mmene munalili musanayambe. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, n'kumati "anthu ake ndi osankhana".

Kawirikawiri si kusankhana. Anthuwo aona ambiri akubwera kamodzi n'kusowa. M'tauni muno anthu amasamuka lendi ikakwera, ena ntchito imawapititsa kwina, ndiye gulu limadikira lione ngati ndinu wokhalitsa lisanakutsegulireni mtima. Inunso mukanatero.

Chotero musanapite n'koyamba komwe, dzilonjezeni kuti mupita miyezi itatu osajomba, kukome kusakome. Musamadzifunse sabata iliyonse ngati mukufuna kupita, chifukwa yankho la munthu wotopa limakhala ayi nthawi zonse.

M'miyezi itatuyo chitani izi. Muzifika msanga, ena asanabwere. Amene amafika koyamba amakhala awiri kapena atatu, ndipo kucheza ndi anthu awiri mukuyala mipando n'kosavuta kuposa kulowerera anthu makumi awiri amene ayamba kale kuseka. Muzitsalira pang'ono pomaliza, kunyamula mabenchi, kutola mabotolo. Tsiku lililonse gwirani maina awiri, mukafika kunyumba muwalembe pamodzi ndi kanthu kamodzi kamene munamva: amake a Chisomo, mwana wawo akulemba mayeso a Fomu 4, a Phiri a ku Kawale, bondo likuwavuta. Sabata yotsatira funsani za mayesowo, funsani za bondolo. Palibe chimene chimatsegula munthu ngati kuona kuti wina anasunga mawu ake.

Muzipempha thandizo laling'ono, losakhudza ndalama: kumene amagula makala abwino, mmisiri wokhulupirika wa mapaipi, mawu a nyimbo imene simukuidziwa. Anthu amakonda munthu amene iwo anamuthandizapo. Akakupatsani kantchito, landirani, koma usungichuma kanani mpaka patapita chaka. Pewani mawu akuti "kwathu ku Blantyre timachita chonchi" kapena "kumpingo kumene ndinachokera sizitero", ngakhale mukuona kuti akulakwitsa. Nthawi yokonza zinthu idzafika mukadzakhala mmodzi wa iwo. Miseche ikayamba, ndipo idzayamba, khalani chete kapena pitani mukathandize kutsuka makapu. Wina akakuuzani zoipa za mnzake inu muli mlendo, dziwani kuti mawu amene muyankhe afika kwa mwiniwake dzuwa lisanalowe.

Ndiye pali khomo lalikulu, limene ndi maliro. Kukagwa zovuta m'gulu lanu kapena mumsewu wanu, pitani, ngakhale malemuwo simunawaonepo. Achinyamata ambiri amaopa chifukwa sadziwa chochita akafika. Palibe chovuta. Amayi tengani chitenje ndi mpango, lowani m'nyumba mukhale pansi ndi anzanu, kenako tulukani mukafunse kumene akuphika kuti mugwire chiyani. Abambo khalani panja pamene pali amuna anzanu, thandizani kukoka tenti, kuwaza nkhuni, kunyamula mipando. Pamakhala munthu wa kope wolemba chipepeso. Perekani chimene mungathe, kuchepa si mlandu. Simufunika kuyankhula mawu anzeru, "pepani" akwana. Ngati simungathe kugona pasiwa chifukwa cha ntchito, khalani maola awiri madzulo, m'mawa mudzerenso. Ndipo chimene ambiri sachita: pakatha milungu iwiri, tenti atachotsa, achibale atabwerera kumudzi, pitaninso ndi kapaketi ka shuga mukakhale nawo theka la ola. Nthawi imeneyo ndi imene nyumba imakhala zii, ndipo amene wabwera pamenepo saiwalika. Chimodzimodzi matenda: mukamva kuti wina wagonekedwa ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila, funsani nthawi yoonera odwala, mupite ndi phala kapena nthochi.

Musachite izi ngati kugula anthu oti adzakulireni. Chitani chifukwa mnzanu ali pamoto. Koma zoona zake n'zakuti ubale wa m'tauni muno umamangidwa pamenepo kuposa pa zikondwerero.

Chotsala ndi kuitana munthu kwanu. Pofika mwezi wachiwiri mudzakhala mwaona mmodzi kapena awiri amene mumamasuka nawo. Musadikire kuti ayambe iwo. Ndipo musanene kuti "mudzabwere tsiku lina", pakuti tsiku linalo silifika. Nenani kuti "Loweruka 3 koloko mubwere timwe tiyi". Ambiri chimawagwira ndi manyazi a nyumba: chipinda chimodzi, mipando yapulasitiki, bafa lapanja logawana. Mlendo wabwino sabwera kudzawerenga mipando. Tiyi ndi mbatata yophika kapena chinangwa zakwana, ndipo mnzanuyo akaona kuti simunadzivutitse, nayenso adzamasuka kukuitanani kwake osachita kukongola nkhuku. Akakana kapena akalephera kubwera, itananinso kamodzi. Akalepheranso, yesani wina popanda kusunga mangawa.

Mudzadziwa kuti simulinso mlendo tsiku limene mudzajombe n'kulandira foni yoti "lero sitinakuoneni, kwagwanji?" Ngati miyezi itatu yatha ndipo mukuona kuti gululo ndi lonyozana, la ndale zokhazokha, kapena msonkhano uliwonse ndi msonkhamsonkha wosadziwika kumene ukupita, chokani mwaulemu mukayese lina. Mwayesa mokwanira.

6. Ikani malire pa ndalama ubale usanafike pamenepo

Anthu ambiri mu Lilongwe amadzitsekera m'nyumba osati chifukwa chodana ndi anthu, koma chifukwa choopa kupemphedwa. Mantha amenewa ndi omveka. Mukangozolowerana ndi munthu, uthenga umabwera: "Achimwene, ndipanikizika pang'ono, mundibwerekeko ndibweza pa 30." Maubwenzi ambiri amene ndawaona akufa, anafera pa ngongole.

Njira yake ndi iyi. Mukalandira malipiro, patulani kandalama kamene mungathe kutaya osalira, ka zipepeso, maukwati ndi kuthandiza anzanu. Wina akapempha, mupatseni kuchokera pamenepo, ndipo mumtima muziti mwapereka, ngakhale iye akuti abweza. Kakatha, katha. Yankho lanu likhale lalifupi ndi loona: "Pepani, mwezi uno sinditha." Musaname kuti "ndikuuzani mawa" n'kuyamba kuthawa mafoni ake, chifukwa bodzalo ndi limene limapha ubale, osati kukanako. Mnzanu weniweni akhumudwa tsiku limodzi n'kubweranso. Amene asowe chifukwa mwakana, mwadziwa chimene ankafuna. Musasainire munthu ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde ngati simungathe kuibweza nokha iye atathawa.

Makadi a chinkhoswe, ukwati ndi bridal shower akachuluka, sankhani. Simungavine perekaniperekani Loweruka lililonse. Kumene simutha kupereka ndalama, perekani manja: kusenda mbatata usiku wa Lachisanu kumakumbukika kuposa ndalama imene munaponya m'lichero.

Ndipo ngati ndinu amene muli ndi ngongole ya mnzanu, moti mwakhala mukusintha njira mukamuona, imbani foni sabata ino. Nenani kuti simunaiwale, tchulani zimene mungathe kubweza pamwezi ngakhale zichepe, ndipo tumizani gawo loyamba tsiku lomwelo pa Airtel Money kapena Mpamba. Foni imeneyi ndi yolemera kuimba, koma ambiri amapeza kuti mnzawoyo chinkamuwawa kwambiri ndi kusowa kwawo kuposa ndalamayo.

7. Musaiwale a m'nyumba ndi a kumudzi

N'zotheka kukhala wokondedwa kumpingo ndi ku sosholo, kunyumba muli mlendo. Sankhani chakudya chimodzi patsiku choti nonse mudyere pamodzi, TV itazimitsidwa, mafoni ali kuchipinda. Masiku oyamba kudzakhala chete wosowetsa mtendere, ana akuyang'ana m'mbale. Pitirizani. Musamufunse mwana kuti "kusukulu kunali bwanji", ayankha kuti "bwino" basi. Mufunseni amene wakhala naye pa buleki, kapena chimene chamuseketsa lero.

Akumudzi muziwaimbira tsiku lodziwika, mwina Lamulungu madzulo, osati pokhapokha kukagwa vuto. Ambiri timaopa foni ya kumudzi chifukwa imabwera ndi nkhani ya feteleza. Koma mukamaimba inu kawirikawiri, nkhani zimayamba kukhala zina: mvula, mbuzi yaswa, uje wakwatiwa. Afunseni amayi kapena agogo za kale lawo, mmene anakumanirana ndi bambo, maina a makolo awo. Lembani zimene akuuzani.

8. Kamodzi pamwezi, tulukani m'dera lanu

Alipo anthu akhala mu Lilongwe zaka khumi akudziwa msewu wa kuntchito ndi wa kumsika basi. Botanic Garden ili ku City Centre kufupi ndi Nyumba ya Malamulo, mutha kupita ndi mkeka ndi chakudya chophika kunyumba. Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ili ndi tinjira toyenda m'nkhalango pakatikati pa mzinda, polowa mumalipira. Kaonereni mpira ku Bingu National Stadium kapena ku Silver Stadium m'malo moonera wa ku England pa TV nokha. Amiyendo yolimba, phiri la Nkhoma ndi la Bunda akukudikirani. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi okwanira, ndipo musakwere nokha. Mukasonkherana anthu anayi kapena asanu thiransipoti imapepuka, ndipo apa ndi pabwino poitanira anzanu atsopano aja.

9. Konzekerani dzinja, ndi masiku amene mudzalephere

Zambiri zimene anthu amayamba m'chilimwe zimafa mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala. Misewu ya m'makwalala imasanduka matope, bwalo la mpira limadzaza madzi, Januwale amabwera ndi fizi. Ganiziranitu: ambulera ndi nsapato zakale zoyendera m'matope zikhale pakhomo, kuyenda kusamukire m'mawa popeza mvula yambiri imagwa masana ndi madzulo, matumba a ndiwo muwasunthire poti madzi a padenga sagwerapo. Mukajomba sabata imodzi kapena ziwiri, musadikire Lolemba kapena mwezi watsopano kuti muyambirenso, ndipo musachite manyazi kubwerera kugulu. Fikani, nenani kuti "ndinatanganidwa", khalani pansi.

Pali chinthu chimodzi chimene malangizo onsewa sangachize. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukukomeraninso, tulo sitikubwera kapena mukungogona, chakudya sichikulowa, mowa ukuchulukira, kapena mwayamba kuganiza zoti bola kufa, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro, si ulesi. Abambo makamaka, mawu akuti mwamuna salira atipweteketsa ambiri. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi mukafotokoze monga mwamvera pano. Ku Bwaila kuli gawo loona za matenda a maganizo, ndipo a St John of God nawonso amathandiza anthu otere muno mu Lilongwe. Ngati maganizo ofuna kudzipha afika, musakhale nokha usiku umenewo: itanani m'bale kapena neba adzagone kwanu, mumupatse asunge mankhwala ndi china chilichonse choopsa chimene chili m'nyumba, kukacha akuperekezeni kuchipatala.